Muyeso Wosanama: Karonga Dzulo ndi Lero

Mu 1986, magazini ya akatswiri a nthenda ya khate inasindikiza nkhani yochokera ku Karonga imene ofufuza ena akanaikwirira pansi. Timinofu 200 todulidwa pakhungu la anthu oganiziridwa kuti ali ndi khate tinaperekedwa kwa madokotala atatu otchuka pa luso lounika minofu: a C. K. Job, a A. C. McDougall ndi a W. M. Meyers. Aliyense anaunika payekha pa maikulosikopu, osadziwa zimene mnzake walemba. Mayankho ataikidwa pamodzi, zinaoneka kuti pa timinofu tambiri akuluakuluwa sakugwirizana. Pamene wina ankati ndi khate ndithu, mnzake ankakayika.

Nkhani imeneyi imandisangalatsa kwambiri, chifukwa imaonetsa pamene Karonga wachokera. Ofufuza amene anali ku Chilumba, m'boma la Karonga, nthawi imeneyo anadzifunsa funso limene lero likugwedeza ma labotale akuluakulu a ku London, Boston ndi Tokyo: kodi tingadziwe bwanji kuti muyeso wathu sukunama? Funsoli ndilo msana wa sayansi yatsopano yotchedwa metabolomics, imene imayeza tizinthu ting'onoting'ono mazanamazana m'dontho limodzi la magazi. Boma limene kale linkatchulidwa pa nkhani za khate lero lili m'gulu la malo ochepa mu Africa amene zolembedwa zawo za umoyo zimakhulupiriridwa padziko lonse. Ulendo wochoka uko kufika kuno ngwokoma kuufotokoza.

Kale: diso lokha ndi pamtima

Ntchito inayamba mu 1979 pansi pa dzina lakuti Lepra Evaluation Project. Inkathandizidwa ndi bungwe la LEPRA la ku Britain, ndipo otsogolera anali Dr Jörg Pönnighaus ndi Pulofesa Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Likulu anamanga ku Chilumba, m'mbali mwa nyanja. Cholinga chinali chachikulu moopsa: kufika khomo lililonse, kuchokera kumtsinje wa Songwe mpaka kumwera kwa bomali, n'kuyeza khungu la aliyense. Pa ulendo woyamba wokha anaona anthu oposa 100,000.

Koma khate likamayamba silidzionetsa poyera. Limabwera ngati chigamba chotuwa pakhungu, chimene munthu angachiyese chipere kapena nthenda ina wamba. Kachilombo kake sikamera m'mbale za mu labotale monga timachitira tizilombo tina, choncho panalibe muyeso umodzi wothetsa mkangano. Zonse zinkadalira diso la woyeza, ndipo maso a anthu sapenya mofanana. Kulakwitsa kunali ndi mtengo wowawa mbali zonse ziwiri. Ukamuuza munthu kuti ali ndi khate pamene alibe, wamusenzetsa mankhwala a miyezi yambiri ndi kusalidwa kwa pamudzi. Ukamuuza kuti alibe pamene ali nalo, wamusiya kuti zala ndi mapazi ziwonongeke pang'onopang'ono.

Panalinso vuto lina limene wokhala m'tauni lero sangaliganizire msanga. Kunalibe ziphaso za unzika, pakuti zimenezi zinabwera mu 2017. Anthu ambiri sankadziwa chaka chawo chobadwa. Munthu mmodzi ankatha kudziwika ndi dzina lina kusukulu, lina kutchalitchi, linanso kumene wakwatiwa. Ukamupeza lero ku Nyungwe, n'kudzamupezanso patapita zaka zisanu ku Kaporo, udziwa bwanji kuti ndi yemwe uja? Ngati sudziwa, ndiye kuti chilichonse chimene unalemba za iye kale chasanduka pepala lopanda mwini.

Umo ndi mmene zinalili: nthenda yobisala, maso osiyana, mayina osinthasintha, ndi dzuwa la Karonga limene silichitira chifundo chilichonse chosungidwa m'botolo.

Mankhwala a chikayiko

Chimene anachita a ku Chilumba n'chophweka pochimva, koma chimafuna mtima wolimba. M'malo mobisa kusagwirizana kwa akatswiri, anakuyeza, anakulemba, n'kukusindikiza kuti dziko lonse lione. Kenako mu 1987 anatulutsa njira yoika odwala m'magulu malinga ndi kukula kwa umboni: awa ndi a khate mosakayikitsa, awa akuoneka kuti ali nalo, awa n'kutheka chabe. Kuyambira pamenepo, wowerenga zotsatira ankadziwa kuti chiwerengero chilichonse chaima pa umboni wolimba motani. Chikayiko chinaleka kukhala chinthu chochititsa manyazi. Chinapatsidwa malo ake papepala.

Vuto la mayina analithetsa popatsa munthu aliyense nambala yakeyake yosasintha, yolumikizidwa ndi mayina a makolo ake ndi banja limene akukhala. Ngakhale chipsera cha katemera wa BCG, chija chili paphewa la ambiri a ife, sanachitenge mwachibwana. Anafufuza ngati woyeza amene wati chipsera chilipo lero, mnzake adzanenenso chimodzimodzi ulendo wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku kunabala zipatso.

Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 a ku Karonga analowa m'kafukufuku wa katemera, mmodzi mwa akuluakulu amene anachitikapo mu Africa. Timabotolo ta katemera tinali ndi zizindikiro zobisika, kotero kuti wobaya ndi wobayidwa yemwe sankadziwa chimene chili m'kati. Woyeza khungu pambuyo pake sakanatha kukondera, popeza naye sankadziwa. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya The Lancet mu 1996: kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma sikunateteze ku TB ya m'mapapo. Yankho limodzi lokondweretsa, lina lokhumudwitsa, ndipo onse awiri anakhulupiriridwa chifukwa njira yake inali yoyera. Chodabwitsa koposa n'chakuti mu 2021 ofufuza anasindikiza zimene zinachitikira anthu omwewo patapita zaka 30. Tangoganizani! Mwana amene anabayidwa ali pasukulu ya pulayimale anapezekanso m'kaundula ali kholo, chifukwa cha kanambala kamene wina analemba mosamala m'ma 1980. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1994, dziko la Malawi linafika pa mlingo wa World Health Organization wosonyeza kuti khate latsika kwambiri, ngakhale odwala akupezekabe ndipo kufufuza kuyenera kupitirira.

Zosungidwa zinayamba kuyankhula

Khate litachepa, ntchito inatembenukira ku TB ndi HIV, ndipo dzina linasintha kukhala Karonga Prevention Study, ndi thandizo la Wellcome Trust. Apa m'pamene phindu la kusunga zinthu mwadongosolo linaonekera mokoma. M'ma 1980, oyenda m'midzi ankatenga timadontho ta magazi pachala n'kutiumitsa papepala lapadera. Nthawi imeneyo maganizo awo anali pa khate. Patapita zaka, timapepala tomweti tinaonetsa kuti HIV inali itafika kale ku Karonga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo tinaonetsanso mmene mtundu wa kachilombo wotchedwa subtype C unakulira mpaka kuposa mitundu ina. Dontho louma silikanaphunzitsa chilichonse likanakhala lopanda nambala ndi tsiku. Chifukwa linali nazo, linakhala limodzi mwa maumboni akale kwambiri a mmene mliriwu unalowera m'chigawo chino cha Africa.

Pa TB napo zinali chimodzimodzi. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990, tizilombo tochokera m'makhololo a odwala tinkameretsedwa ku labotale ya ku Chilumba, ndipo DNA yake inkayerekezedwa kuti adziwe amene anapatsirana. Koma nthawi zina wodwala mmodzi ankapezeka ndi tizilombo ta DNA yosiyana pa miyeso iwiri. Pulofesa Judith Glynn ndi anzake, mu 2004, anafunsa poyera m'nkhani yosindikizidwa: kodi munthuyu watenganso TB kwa wina, kapena kachilombo kasintha m'thupi mwake, kapena zinthu zinasakanikirana mu labotale? Kuika labotale yako yomwe m'gulu la oganiziridwa ndiko kukhwima kwa sayansi. Chifukwa anachita zimenezi, zotsatira zotsalazo zinali zodalirika. Anatha kuonetsa kuti TB ikabwerera chifukwa choti munthu waitenganso mwatsopano, osati kuti yakale ija yadzuka, kawirikawiri amakhala munthu amene ali ndi HIV. Mu 2015, magazini ya eLife inasindikiza kafukufuku wa DNA yonse ya tizilombo ta TB 1,687 ta ku Karonga, chimodzi mwa ziwerengero zazikulu kwambiri padziko pa nthawiyo kuchokera m'dera limodzi.

Mu 2002 kunayambanso kalembera wosalekeza wa anthu a m'dera lozungulira Chilumba. Anthu osankhidwa m'midzi amapereka malipoti a obadwa ndi omwalira mwezi ndi mwezi, ndipo chaka chilichonse gulu lina limayenderanso makomo onse kutsimikiza kuti palibe chimene chaphonyedwa. Mfundo yake ndi yomwe ija: usadalire diso limodzi.

Sayansi yatsopano, vuto lakale

Tsopano tibwere ku metabolomics. Thupi likamagaya nsima, kupanga mphamvu, kumanga minofu kapena kulimbana ndi malungo, limatulutsa tizinthu ting'onoting'ono tambirimbiri: shuga, mafuta a mitundumitundu, ma amino acid, lactate, creatinine ndi tina masauzande. Kuchipatala timayezetsa kamodzi kapena tiwiri. Metabolomics imayeza mazana kapena masauzande nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito makina monga mass spectrometer ndi NMR. Cholinga n'kuona chithunzi chonse cha zimene zikuchitika m'thupi pa ola limenelo, kuti tidziwe nthenda isanaonekere, kapena timvetse chifukwa chimene mwana wina amatupa ndi kwashiorkor pamene mnzake wa nyumba yomweyo amangowonda.

Mphamvu ya sayansiyi ndiyonso kufooka kwake. DNA ya munthu sisintha chifukwa wamwa phala m'mawa, koma tizinthuti timasintha ndi chakudya, ndi nthawi ya tsiku, ndi mankhwala amene munthu wamwa dzulo. Timapitirizanso kusintha magazi atalowa kale m'botolo. Maselo a magazi amakhala akadali amoyo ndipo amapitiriza kudya shuga. Botolo likangosiyidwa patebulo, shuga amatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse pa ola limodzi, pamene lactate akukwera. Kukatentha zimafulumira. Ndiye taganizirani botolo limene latengedwa kumudzi wakutali mu Okutobala, n'kuyenda pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo. Likafika, muyeso wake umakhala ukufotokoza za ulendowo kuposa za mwini magazi.

Makina nawo amatopa. Mass spectrometer ikamayeza masampulo mazana motsatizana, m'kati mwake mumayamba kuda, ndipo mphamvu yake yozindikira imasintha pang'onopang'ono. Wofufuza akayeza magazi a odwala onse Lolemba, a anthu abwinobwino onse Lachisanu, adzapeza kusiyana kwakukulu n'kuyamba kukondwera kuti watulukira chizindikiro cha nthenda, chonsecho wayeza kutopa kwa makina ake. M'zaka zoyambirira za sayansiyi, chakumayambiriro kwa m'ma 2000, labotale iliyonse inali ndi njira zake, ndipo zimene wina wapeza zinkavuta kuti mnzake azipezenso. Ena ankatchula dzina la kanthu kamene aona pa makina popanda kunena kuti akutsimikiza motani. Linali vuto lomwe lija la khate, kungoti tsopano lavala jasi loyera ndipo lili ndi makina a ndalama zankhaninkhani.

Mmene anakonzera nyumba yawo

Kukonza kunayamba mu 2005 ndi gulu la Metabolomics Standards Initiative, limene mu 2007 linasindikiza mfundo za zimene wofufuza aliyense ayenera kuulula. Imodzi mwa mfundozo imandipatsa chimwemwe chapadera. Anagwirizana kuti kanthu kalikonse kotchulidwa kaikidwe pa mlingo umodzi mwa inayi: kotsimikizika poyerekeza ndi kanthu kenikeni kodziwika, kongoganiziridwa dzina, kongodziwika mtundu wake, kapena kosadziwika konse. Imeneyi ndi nzeru imene Chilumba anagwiritsa ntchito pa khate zaka 20 m'mbuyo mwake. Magulu awiri osadziwana, a nthawi zosiyana, anafika pa choonadi chimodzi: nena chimene wapeza, ndipo unenenso kuti ukuchikhulupirira motani.

Njira yachiwiri inafotokozedwa mu 2006 ndi Timothy Sangster ndi anzake ku Britain, ndipo mu 2011 Warwick Dunn ndi gulu lake anaikhazikitsa pa kafukufuku wa anthu masauzande. Umatapa kadontho pa sampulo iliyonse, n'kusakaniza zonse m'botolo limodzi. Chosakanizacho, chimene amachitcha pooled QC, umachiyeza kangapo poyamba kuti makina akhazikike, kenako umachibwereza pakadutsa masampulo asanu kapena khumi alionse mpaka kumapeto. Popeza ndi chinthu chimodzimodzi nthawi zonse, yankho lake liyenera kukhala limodzimodzi. Likayamba kutsetsereka, wadziwa kuti vuto lili m'makina, ndipo ukhoza kukonza ziwerengero kapena kuyambiranso. Kanthu kamene muyeso wake ukusinthasintha kupyola magawo 20 kapena 30 pa 100 m'mabotolo ofananawa amakachotsa, kaya kaoneke kosangalatsa motani.

Pali zinanso zothandizana nazo. Amayeza botolo lopanda magazi konse, kuti aone zinyalala zochokera m'mapulasitiki ndi m'madzi osungunulira. Amathira m'sampulo iliyonse tizinthu todziwika kuchuluka kwake, kuti aone ngati china chatayika panjira. Amasokoneza dala ndondomeko ya masampulo kuti odwala ndi abwinobwino asakhale m'magulu osiyana pa makina. Ndipo akatswiri amasiyanitsa mbali ziwiri za ntchitoyi. Quality assurance ndi zonse zochitika muyeso usanayambe: kuphunzitsa antchito, kulemba ndondomeko, kusamalira makina, kulemba kutentha kwa firiji. Quality control ndi zochitika pa muyeso weniweniwo ndi pambuyo pake, zotsimikiza kuti zotsatira za lero n'zoyenera kuzikhulupirira.

Funso lotsala linali lakuti labotale ya ku Toronto idzamvana bwanji ndi ya ku Cape Town. Aliyense amene anagulapo mpunga wa Kilombero ku Hara akudziwa kuti ndowa ya wogulitsa uyu silingana ndi ya uyo, ndipo mkangano umatha pokhapokha pakabwera sikelo ndi mwala wa kilogalamu wodziwika kulemera kwake. Mwala wotere wa metabolomics unabwera mu 2011, pamene bungwe loona za miyezo ku America, NIST, linatulutsa SRM 1950, madzi a m'magazi osakanizidwa kuchokera kwa anthu 100, amene labotale iliyonse ingagule n'kudziyesa nawo. Mu 2017 zinasindikizidwa zotsatira za ma labotale 31 amene anayeza mafuta a m'chosakaniza chimenechi. Onse pamodzi anatchula mitundu ya mafuta 1,527, koma imene inayezedwa ndi ma labotale okwanira kuti pakhale muyeso wogwirizana inali 339. Kusiyanako kunaonekera poyera, ndipo 339 imeneyo inakhala maziko oti aliyense aimepo. Chaka chomwecho, mu Okutobala, akatswiri anakumana ku National Cancer Institute ku America, ndipo msonkhanowo unabala bungwe la mQACC, limene ntchito yake n'kugwirizanitsa malamulo a ubwino wa miyeso mu metabolomics padziko lonse.

Zipatso zake pakati pathu

Wina anganene kuti izi n'za kunja. Ayi ndithu, ana a ku Malawi ali pakatikati pa nkhaniyi. Mu 2013, magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa magulu 317 a mapasa a m'dziko muno, wotsogozedwa ndi Jeffrey Gordon ndi Mark Manary, amene anaonetsa kuti tizilombo ta m'matumbo tili ndi mbali pa kwashiorkor. Miyeso ya metabolomics inathandiza kuona mmene kagayidwe ka zakudya kamasokonekera. Mu 2016, Richard Semba ndi anzake anayeza magazi a ana 313 a m'midzi ya ku Malawi n'kupeza kuti ana opinimbira anali ndi ma amino acid ochepa pa mitundu yonse isanu ndi inayi imene thupi silingapange lokha. Zimenezi zinabwezeretsa pagome nkhani ya zakudya zomanga thupi monga mazira, nsomba, mkaka ndi nyemba, pa nthawi imene maso ambiri anali pa mavitamini ndi michere yokha. Chaka chomwecho, kafukufuku wa ana ogonekedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti magazi a mwana wa kwashiorkor amasiyana kwambiri ndi a mwana wowonda chifukwa cha marasmus, ngakhale onse timangoti onyentchera.

Chilichonse mwa zotsatira zimenezi chaima pa munthu amene dzina lake silili pamutu wa nkhani: namwino amene anatenga magazi pa nthawi yake, dalaivala amene sanachedwe panjira, katswiri wa mu labotale amene anazunguza botolo mu centrifuge msanga n'kuliika m'firiji yozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro, ndi mlonda wa jenereta amene analiza injini magetsi atazima pakati pa usiku. Makina a ku America sangakonze sampulo imene inawonongeka isanakwere ndege. Ubwino wa muyeso umabadwira pakhomo pamene magazi atengedwa.

Karonga lero

Apa m'pamene mtima wanga umadumphadumpha. Ntchito ya ku Chilumba lero imadziwika kuti MEIRU, ndipo imagwira limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, Kamuzu University of Health Sciences ndi masukulu a ukachenjede a ku Britain. Mwa amene aitsogolera muli Pulofesa Moffat Nyirenda, Mmalawi katswiri wa matenda a shuga, ndi Pulofesa Mia Crampin, amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Maso a bungweli tsopano ali pa matenda amene amakhudza mwachindunji kagayidwe ka m'thupi, omwe ndi munda weniweni wa metabolomics.

Pakati pa 2013 ndi 2016, bungweli linayeza akuluakulu 13,878 ku Karonga ndi 15,013 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Anayeza BP, sikelo, msinkhu ndi shuga wa m'magazi otengedwa munthu asanadye. Zotsatira, zosindikizidwa mu 2018, zinatsegula maso a dziko. Pa amayi 100 alionse a kumudzi, 27 anali onenepa kupyola muyezo, ndipo m'tauni anali 44. Mwa anthu amene anapezeka ndi BP yokwera, oposa theka sankadziwa. Mwa a shuga, pafupifupi anayi pa khumi alionse ankangoyenda osadziwa kuti akudwala. Ziwerengero zimenezi zili ndi mphamvu chifukwa aliyense anayezedwa mwa njira imodzi, kaya ku Uliwa kaya ku Lilongwe. Maganizo akuti shuga ndi BP ndi matenda a mabwana okha anagwa pamenepo.

Chitsanzo china n'cha impso. Madokotala amayeza creatinine m'magazi, n'kuika chiwerengerocho m'masamu opangidwa makamaka kuchokera kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya, kuti adziwe mmene impso zikusefera. MEIRU inatenga nawo mbali pa kafukufuku wa ku Malawi, Uganda ndi South Africa amene anayesa masamuwo. Anabaya anthu mankhwala otchedwa iohexol n'kuyeza mmene impso zikuwachotsera m'magazi, kenako n'kuyerekeza ndi yankho la masamu aja. Zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti masamu a creatinine amakometsera: amanena kuti impso zikugwira bwino kuposa mmene zilili, kutanthauza kuti odwala ambiri mu Africa akhala akuphonyedwa. Taonani kutembenuka kwa zinthu! Dera limene kale linkatumiza timinofu kunja kuti akatswiri alithandize kuona, lero likuthandiza kukonza muyeso umene dziko lonse linkaudalira. Panopa kafukufuku wa Generation Malawi akutsatira amayi oyembekezera, ana awo ndi mabanja awo ku Karonga ndi Lilongwe, n'kumasunga masampulo amene sayansi ya mawa idzawafunse mafunso amene lero sitinawaganize.

Kusinthaku sikuli ku Chilumba kokha. Kuchokera mu 2009, pamene ndondomeko ya SLMTA inakhazikitsidwa ku Kigali, ma labotale a zipatala mu Africa, kuphatikizapo a ku Malawi, akhala akukwera makwerero a nyenyezi, kuchokera pa ziro mpaka zisanu, kulunjika ku muyezo wapadziko lonse wa ISO 15189. Buku lolemba kutentha kwa firiji m'mawa ndi madzulo, botolo loyesera makina asanayambe ntchito ya tsikulo, siginecha ya wachiwiri wotsimikiza zotsatira: tinthu timene kale tinkaoneka ngati tochedwetsa ntchito lero ndi timene timapangitsa mayi wa ku Wovwe kukhulupirira kapepala kamene wapatsidwa.

N'chifukwa chake ndikunena mokweza kwa achinyamata a ku Karonga, Chitipa ndi Rumphi amene amakonda sayansi: ntchito ya mu labotale ndi ntchito yaulemu, ndipo dziko likusowa manja osamala. Ndikunenanso kwa aboma ndi othandiza kuti pogawa ndalama asaiwale firiji, jenereta, mapanelo a sola ndi maphunziro a akatswiri athu, pakuti m'menemo ndimo mumakhala choonadi cha kafukufuku aliyense. Ndikulakalaka tsiku limene magazi a Amalawi ambiri adzayezedwa pa mass spectrometer ya konkuno, ndi akatswiri a konkuno, botolo la pooled QC likubwerezedwa pa nthawi yake. Makina otere akhoza kugulidwa m'chaka chimodzi ndalama zikapezeka. Chizolowezi cholemba molondola, kubwereza muyeso ndi kuulula chikayiko chimatenga m'badwo wathunthu kuti chimere, ndipo Karonga wakhala akuchilima kuyambira 1979. Gawo lovuta la ntchitoyi linachitika kale, ndipo analichita ndi ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathu. Amenewo ndi oyenera nthungululu!